Kodi Tigule Citi? Za Citsulo Coyeretsa Utsi pa Galimoto Yakale

 Lero tikambirana za citsulo cimodzi cimene cikhala kunsi kwa galimoto. Eni magalimoto ambiri sanacionepo ndi maso ao, koma tsiku limene cifa amacidziwa msanga, pakuti mtengo wace ukhoza kumeza ndalama zonse za cimanga ca munda wathunthu.

Nkhani yathu yacokera m'kalata ya akulu ena a kwa Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza. Akuluwa anagwira nchito pansi pa mgodi ku Copperbelt zaka zambiri, ndipo atapuma anabwerera kwao nagula galimoto yakale ya Toyota Corolla yocokera ku Japan, imene anyamulira anthu ndi katundu kumka ku Chadiza ndi ku Chipata. Tsopano galimotoyo yayamba kufoka pa zitunda, ndipo nyali yacikasu ya injini yakana kuzima. Makanika wawauza kuti catalytic converter yafa, nawaikira njira zitatu: kugula yeniyeni ya eni galimoto, imene iri yodula kwambiri, kugula ya opanga ena, imene iri yochipa, kapena kungoidula ndi kuocherera paipi wamba pamalo pace. Iwo alikufunsa kuti atsate njira iti. Popeza galimotoyo ndiyo khasu lao la ukalamba, funso ili liyenera kuyankhidwa mofatsa.

Nchito ya citsuloci

Mukagona pansi ndi kutsata paipi ya ekizozi kucokera ku injini, musanafike pa sailensa mupeza citsulo cofufuma ngati nsupa. Pa magalimoto ena cimakhala pafupi kwambiri ndi injini. Ico ndico catalytic converter, cimene amakanika amangoti catalyst. M'kati mwace muli dothi loocha lokhala ndi tibowo tating'ono ngati cisa ca njuci, ndipo pa malo aakulu ngati sitampa ya kalata pamakhala tibowo pafupifupi 400. Zipupa za tibowoto anazipaka zitsulo zitatu za mtengo wapatali, ndizo platinum, palladium ndi rhodium.

Ambiri ayesa kuti cisaci cimasefa utsi monga mai asefa ufa, koma si tero ai. Palibe cimene cifunika kutsalira m'katimo. Utsi umalowa uli woipa nuturuka utasandulika. Zitsulo zitatuzo zigwira nchito ya nkhoswe. Nkhoswe imakumanitsa anthu awiri kuti akhale banja, koma iyo siikwatira pa ukwatiwo. Imabwerera kwao monga inadzera, ndipo mawa ikhoza kukonza ukwati wina. Momwemonso platinum ndi anzace amakumanitsa mpweya woipa ndi oxygen, kapena kulekanitsa zimene zinalumikizana moipa, iwo eni osatha.

Mu utsi wa petulo muli adani atatu. Woyamba ndiye carbon monoxide, mpweya wopanda pfungo kapena maonekedwe, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Waciwiri ndiye petulo amene sanapse bwino m'injini. Wacitatu ndiwo mipweya ya nitrogen oxide imene imapweteka mapapo. Inu a pansi pa mgodi muwadziwa bwino adani awiri mwa awa, woyamba ndi wacitatu, pakuti ndiwo amene mumalindira kuti acoke ataphulitsa miyala, musanalowenso kumalo a nchito. Catalyst yamoyo, itatentha bwino, imasandutsa magawo oposa 90 pa 100 a mipweya iyi kukhala carbon dioxide, nthunzi ya madzi ndi nitrogen wamba. Imayamba nchito ikafika pa madigiri 250 mpaka 300, ndipo pa ulendo kutentha kwace kumapitirira madigiri 400.

Kuti nchitoyi iyende, injini iyenera kusakaniza mpweya ndi petulo pa muyeso woyenera, ndiwo magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera. Wosunga muyesowu ndiye kacipangizo kochedwa sensa ya oxygen, kamene kamanunkhiza utsi nikauza kompyuta ya galimoto. Pa magalimoto ambiri pali sensa yaciwiri kuseri kwa catalyst, imene nchito yace ndiyo kuona ngati utsi wayeradi.

Kumene cinacokera

Munthu wodziwika pa nzeru iyi ndiye Eugène Houdry, wa ku France, amene anakhala ku America. Iye anabvutika mtima ndi utsi umene unkaphimba mzinda wa Los Angeles, ndipo m'caka ca 1956 analandira kalata ya boma yotsimikiza kuti cipangizoco ncace. Koma cinakhala zaka zambiri cosagwira nchito m'magalimoto a anthu, cifukwa kuyambira 1923 anali kuthira mtobvu mu petulo, ndipo mtobvu umaphimba platinum nuipha msanga. A ku Kabwe, kumene kale tinkati Broken Hill, safunika kuuzidwa za kuipa kwa mtobvu: mgodi wao unatsekedwa mu 1994, koma pfumbi lace linatsala m'nthaka ndi m'mwazi wa ana.

Boma la America litaika lamulo la mpweya wabwino mu 1970, magalimoto atsopano a 1975 anayamba kuturuka ndi catalyst, namwa petulo wopanda mtobvu. Amuna awiri a kampani ya Engelhard, Carl Keith ndi John Mooney, ndiwo anakonza mtundu wogonjetsa adani onse atatu pamodzi. Japan inakhwimitsa malamulo ace a utsi mu 1978, ndipo maiko a ku Ulaya anafuna citsuloci pa magalimoto onse atsopano a petulo kuyambira 1993. Maiko athu a kumwera kwa cipululu ca Sahara analeka petulo wa mtobvu pofika kuciyambi kwa 2006, ndipo dziko lomariza pa dziko lonse linali Algeria mu 2021. Ncifukwa cace magalimoto a petulo amene tigula ku Japan masiku ano amabwera ndi citsuloci, ndipo petulo wa pa pampu saciononga monga kale.

Cifukwa cace ciri codula

Zitsulo zitatu zija m'catalyst imodzi ndi magalamu owerengeka cabe, osadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi. Koma anchito a ku mgodi adziwa thukuta la magalamu otere. Tani yathunthu ya miyala imapereka magalamu osafika 10. Pafupifupi magawo 70 pa 100 a platinum wa dziko lonse amakumbidwa ku South Africa, makamaka ku Rustenburg ndi madera ozungulira, pa mzere wa miyala umene Hans Merensky anauzindikira mu 1924. Winanso acokera ku migodi ya Zimplats, Mimosa ndi Unki ku Zimbabwe, ndipo palladium wambiri acokera ku Norilsk m'dziko la Russia. M'mwezi wa March 2021 mtengo wa rhodium unapitirira madola 25,000 pa ounce imodzi, ndiyo magalamu 31, pamene golide anali pansi pa madola 2,000. Mtengowo unatsika pambuyo pace, koma mbala zinali zitaphunzira kale cimene ciri kunsi kwa galimoto.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Wopanga akafuna kuchipitsa catalyst, njira yace yaifupi ndiyo kucepetsa zitsulo zimene inu simungazione ndi maso. Kunja cikhoza kunyezimira bwino lomwe, koma paja akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musanaturutse ndalama

Coyamba, tsimikizani kuti catalyst yafadi. Nyali yacikasu imayaka pa zifukwa zambiri. Makanika wokhala ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto akapeza nambala yakuti P0420, tanthauzo lace ndi lakuti sensa yaciwiri siikondwa ndi utsi umene ilikununkhiza. Kawirikawiri mlandu uli pa catalyst, koma nthawi zina sensayo ndiyo yatopa, kapena paipi yabooka nilowetsa mpweya. Sensa ndi kuocherera bowo ziri zochipa kwambiri poyerekeza ndi catalyst. Ambiri ataya ndalama zao pogula cacikuru pamene codwala cinali cacing'ono.

Zizindikiro za catalyst yakufa ndi izi: galimoto imalira bwino poima koma imasowa mphamvu pa citunda, ngati munthu wothamanga atatsekedwa pakamwa; kunsi kumamveka gwedegwede wa dothi losweka mukagogoda citsuloco citazizira; utsi umanunkha ngati mazira obvunda; ndipo nthawi zina usiku citsuloco cimafiira ngati khala la moto. Makanika wodziwa akhoza kumasula sensa yoyamba ndi kuyesa ngati utsi ulikubwerera m'mbuyo, kapena kumasula catalyst yonse ndi kuunika m'kati ndi toci.

Caciwiri, funsani cimene cinaipha. Catalyst siifa kawirikawiri ndi ukalamba wokha. Imaphedwa ndi matenda a injini. Mapulagi kapena makoilo akatopa, petulo wosapsa amafika pa cisa nayakira pomwepo, ndipo dothi limasungunuka nititseka tibowo. Injini yodya oilo, yoturutsa utsi wobiriwira, imapaka cisa phulusa. Gasiketi yakumutu ikaphulika, madzi a injini amacita cimodzimodzi. Petulo wa m'zigubu wosakaniza ndi parafini, kulizira galimoto mwa kukankha tsiku ndi tsiku, mwala wa pa mseu wa dothi, ndi kuoloka mtsinje citsulo ciri cotentha, zonsezi zimafupikitsa moyo wace. Munthu woika catalyst yatsopano pa injini yodwala afanana ndi wothira cimanga catsopano m'nkhokwe imene muli anankafumbwe.

Njira zimene ziripo

Njira yoyamba ndiyo yeniyeni, imene ambiri amati orijino, yogulidwa kwa eni galimoto monga mwa nambala ya chassis. Iyi anaipanga molingana ndi injini yanu, imalowa pamalo pace popanda kudula kanthu, iri ndi zitsulo zokwanira, ndipo imakhala zaka zambiri. Ku America lamulo limakakamiza wopanga galimoto kuitsimikiza zaka 8 kapena mamailosi 80,000, ndiwo makilomita pafupifupi 129,000. Bvuto lace ndi mtengo, umene umaposa wa zinazo kangapo, ndiponso pa galimoto yakale nthawi zina muyenera kulindira kuti aiitanitse kunja.

Njira yaciwiri ndiyo ya opanga ena. Pano mverani bwino, pakuti si zonse za opanga ena ziri gong'a. Alipo makampani a mbiri yabwino amene katundu wao amayesedwa ndi boma. Ku America muyeso wa boma lalikuru umafuna kuti zotere ziyeretse utsi mamailosi 25,000, ndiwo makilomita pafupifupi 40,000. Onani kusiyana kwa manambala awiriwa, 80,000 ndi 25,000: kukuuzani cimene mulikugula. Ku Ulaya zobvomerezedwa zimakhala ndi cidindo ca lemba E m'kati mwa mkombero, pamodzi ndi nambala 103R, zosindikizidwa pa citsulo ceniceni. Za opanga ena ziri mitundu iwiri. Ina anaipanga kuti ilowe pa mtundu umodzi wa galimoto ndi mabauti, ndipo iyo ndiyo yabwino. Ina ndi ya galimoto iri yonse, yofuna kudula paipi ndi kuocherera. Yotere ikhoza kugwira nchito ngati ukulu wace ulingana ndi injini ndipo woocherera ali waluso, koma ikakhala yaing'ono imatsamwitsa injini, ndipo ikaikidwa kutali ndi injini imacedwa kutentha. Pansi pa zonse pali zochipa koposa, zopanda dzina, zopanda cidindo. Izo nyali imazima masabata kapena miyezi yowerengeka niyakanso, ndipo mwini amalipira kawiri.

Iriponso njira imene makanika wa akulu athu sanaichule, ndiyo yeniyeni yogwirapo kale nchito, yocotsedwa pa galimoto ya mtundu womwewo imene inaphwasulidwa. Ikakhala yamoyo ikhoza kuposa yatsopano yochipa. Koma palibe amene angakuuzeni zoona za maulendo amene yayenda, cotero muiyese nokha. Igwedezeni, isalire. Unikani ndi toci, kuwala kupyole tibowo. Cisa cisakhale cosungunuka kapena conyowa ndi oilo, ndipo pathupi pace pasakhale cipsera catsopano ca kuocherera. Funsaninso risiti, pakuti zambiri zogulitsidwa mumdima ziri zakuba, ndipo wogula ca wakuba amalowa nao mlandu.

Njira yomariza ndiyo kudula ndi kuika paipi wamba. Tinene zoona: galimoto imene inali yotsekeka idzathamanga bwino tsiku lomwelo. Koma kuthamangako kwadza cifukwa mwacotsa cotseka; catalyst yamoyo ikanacita cimodzimodzi. Cimene mwataya ndi ici. Utsi wonse woipa uturuka monga uli, ndipo oyamba kuupuma ndiwo ana oima kumbuyo kwa galimoto, amai ogulitsa pa siteshoni, ndi apaulendo anu omwe ngati pansi pa galimoto pali cibowo. Pa galimoto ya masensa awiri nyali yacikasu idzayaka masiku onse, ndipo tsiku limene bvuto lina lidzafika simudzalizindikira, cifukwa mlonda wanu wakhala alikupfuula kosaleka. Pogulitsa galimotoyo, wogula wocenjera adzasuzumira kunsi natsitsa mtengo. Ife njira iyi sitiibvomereza.

Yankho lathu kwa akulu a kwa Zingalume

Bambo, yambani ndi injini. Yesetsani mapulagi, makoilo ndi masensa, ndipo muone ngati oilo alikucepa pakati pa maulendo. Ngati injini idya oilo, ndalama zanu zoyamba zipite kumeneko, pakuti catalyst iri yonse, yodula kapena yochipa, idzafa pa injini yotere.

Injini ikakhala yabwino, dzifunseni mafunso awiri: galimoto iyi ndikaigulitsa lero ndingalandire zingati, ndipo ndifuna kukhala nayo zaka zingati? Ngati thupi lace liri lolimba, ndipo muona kuti idzakutumikirani zaka zisanu kapena kuposa, ndipo mtengo wa yeniyeni uli gawo laling'ono la mtengo wa galimoto, gulani yeniyeni; mudzalipira kamodzi nkuiwala. Koma ngati galimoto yakalamba kotero kuti yeniyeni idya theka la mtengo wace, si nzeru kumangira denga la malata pa zipupa zakugwa. Pamenepo funani ya opanga ena a dzina lodziwika, yolowa ndi mabauti, yokhala ndi cidindo, kapena yeniyeni yogwirapo nchito imene mwaiyesa ndi maso anu. Monga mwa kalata yanu, ife tiona kuti njira iyi ndiyo yoyenera Corolla yanu.

Pomka ku sitolo tengani nambala ya chassis ndi ya injini, pakuti Corolla ya ku Japan ndi Corolla yopangidwa ku Durban zikhoza kusiyana kunsi ngakhale zifanana dzina. Funsani wogulitsa kuti anaipanga ndani, kuti iri ya injini yaikuru bwanji, kuti malo a sensa alipo, ndi kuti citsimikizo cace ndi ca miyezi ingati. Citsimikizoco acilembe pa risiti. Ca pakamwa cimauluka ndi mphepo. Musacite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Khalani pomwepo pamene alikuika, ndipo yakaleyo muitenge. Ngakhale yafa, zitsulo zija zikali m'kati, ndipo ogula zitsulo zakale amalipira ndalama zimene zingakucepetsereni mtolo. Amakanika ambiri ali okhulupirika, koma alipo ena amene amatumbula catalyst yamoyo, nacotsa cisa, naocherera cikopa cace copanda kanthu. Galimoto ikabwera ku garaji iri kulira mokweza kuposa kale, utsi uli kuwawa m'maso, suzumirani kunsi. Inunso a m'tauni amene mufuna kugula galimoto yakale, citani comweco musanapereke ndalama.

Ngati ndalama zilindira kuti mugulitse soya kapena nsawa, dziwani kusiyanitsa. Catalyst yongotopa, galimoto iri kuyenda bwino, ikhoza kulindira masabata owerengeka. Koma yotsekeka siilindira, cifukwa imatenthetsa injini ndi kumwetsa petulo wambiri. Ndipo nyali ija ikayamba kuphethira, imani msanga, pakuti pamenepo petulo wosapsa alikuocha cisa.

Mau otsiriza

Mukaika yatsopano, isungeni. Sinthani mapulagi ndi oilo pa nthawi yace, gulani petulo pa pampu, konzani batire kuti muleke kukankha, ndipo pa mseu wa miyala yendani pang'ono. M'nyengo ya mvula, musalowe m'madzi akuya mutangocoka pa ulendo wautali. M'cilimwe musaimike galimoto pa udzu wautali wouma, pakuti kutentha kwa citsuloci kukhoza kuyatsa chire, ndipo moto wotere umayamba ndi galimoto yomwe. Inu amene mudzapita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, pamene udzu wauma, kumbukirani mau awa posankha poima. Cotsani udzu wokolekera kunsi, ndipo lata lochinga kutentha musalitaye ngakhale lilira.

Cinanso ndi ici: ngakhale catalyst iri yatsopano, musalize injini m'nyumba yotseka, pakuti isanatenthe siigwira nchito, ndipo mpweya uja wa mbaula umapha mwakacetecete. A magalimoto a dizilo, zanu ziri zosiyana pang'ono, ndipo tidzazikamba tsiku lina.

 Inunso amene muli ndi funso la galimoto, njinga kapena cigayo, tilembereni.